Masetilaiti adzaza thambo la Mzimba, koma kaundula wake ali kwa eni

Madzulo a mwezi wa Julayi, dzuwa likangolowa cha kumalire a Zambia, thambo la pa Manyamula limayera ngati lotsuka. Munthu amene waima pabwalo nthawi imeneyo, akapirira mphindi khumi zokha, salephera kuona kanyenyezi kosakhazikika. Kamayenda mwakachetechete, sikaphethira ngati ndege, kenaka kamazimirira pakati pa thambo ngati wina wakauzira mpweya. Masiku ena sikakhala kamodzi. Umakhala mndandanda wa timiyuni totsogozana ngati ng'ombe zobwerera kukhola. Akuluakulu ena amagwira pakamwa, ndipo nkhani za ndege za usiku sizichedwa kuyamba. Mnyamata amene ali ndi foni yochokera ku Joni amangoiloza kumwamba nkuwerenga dzina: Starlink.

Mnyamatayo salakwa. Chimene ambiri sadziwa nchakuti foniyo siona kalikonse kumwambako. Kadontho koyenda pagalasi lake si chithunzi cha setilaiti, koma yankho la samu imene pulogalamu yawerengetsa ndi manambala amene yatenga pa intaneti. Manambalawo akakhala atsopano, kadontho ndi kanyenyezi zimayendera limodzi. Akakhala a mwezi watha, foni imalonjeza chinthu chimene chadutsa kale kapena sichidafike, ndipo imatero mosachita manyazi, pa mapu okongola omwewo.

Funso loti manambalawo amachokera kuti, nanga mwini wake ndani, lingaoneke ngati la anthu okhuta. Koma dziko lino lidalola kale kuti intaneti, kanema, ulosi wa zanyengo, ngakhalenso inshulansi ya chilala, zidalire makina oyenda m'mlengalenga. Wodalira chinthu chimene sadziwa kuwerenga kayendedwe kake ali ngati mlendo m'basi: amatsika pamene kondakitala wanena.

Chitsime chachikulu cha manambalawa ndi chimodzi. Asilikali a dziko la America, kudzera m'gulu lawo la 18th Space Defense Squadron limene lili ku Vandenberg m'chigawo cha California, amasunga kaundula wa zinthu zopangidwa ndi anthu zimene zikuzungulira dziko lapansi. Amazitsata ndi makina a rada komanso magalasi oonera kutali amene adawamwaza m'madera osiyanasiyana, kuphatikizapo rada yamphamvu ya Space Fence pa chilumba cha Kwajalein m'nyanja ya Pacific, imene idayamba ntchito mu 2020. Chilichonse cholowa m'kaundulamo chimalandira nambala. Nambala 1 ndi chidutswa cha roketi imene idanyamula Sputnik mu Okutobala 1957, ndipo Sputnik mwini wake ndi nambala 2. Nyumba yochitiramo kafukufuku ya International Space Station, kapena kuti ISS, imene imawala kuposa nyenyezi zonse ikamadutsa, ndi 25544. Lipoti la 2025 la bungwe la ESA la maiko a ku Ulaya lidati zinthu zimene zikutsatidwa zafika pafupifupi 40,000, ndipo mwa izo pafupifupi 11,000 zokha ndiwo masetilaiti amoyo. Zotsalazo ndi mitembo ya makina ndi zibenthu.

Pa chinthu chilichonse asilikaliwo amatulutsa mizere iwiri ya manambala, uliwonse wa zilembo 69, imene akatswiri amaitcha TLE. Kalembedwe kameneka nkakalekale, ka nthawi imene makompyuta ankawerenga makadi oboola. Mizere iwiriyo imanena tsiku ndi nthawi ya muyeso, kupendekeka kwa njira ya setilaiti poyerekeza ndi mzere wa ikweta, kuti njirayo ndi yozungulira bwino kapena yotalika ngati dzira, komanso kuti setilaitiyo imazungulira dziko kangati pa tsiku. Njira ya ISS yapendekeka madigiri 51.6, ndipo imazungulira maulendo pafupifupi 15 ndi theka pa tsiku, pa liwiro la makilomita 7.7 pa sekondi. Mtunda wa pakati pa Mzimba ndi Lilongwe, mongodutsa m'mlengalenga, imaumaliza m'masekondi pafupifupi 30.

Wofuna manambalawa amalembetsa pa tsamba la Space-Track, kapena amapita pa la CelesTrak, limene Dr T.S. Kelso adayambitsa mu 1985 ndipo silifunsa ngakhale dzina la munthu. Mapulogalamu otchuka otsatira masetilaiti, monga Gpredict, Stellarium ndi Heavens-Above, amamwa pa chitsime chomwechi. Zonsezi nzaulere.

Luso lagona pa zimene munthu amaonjezera yekha. Choyamba pulogalamu iyenera kuuzidwa pamene woonerayo waima. Boma la Mzimba lili pafupifupi madigiri 11.9 kummwera kwa ikweta ndi madigiri 33.6 kummawa. Woiwala kachizindikiro kosonyeza kummwera amapezeka waima ku Sudan, ndipo pulogalamu imamujambulira thambo la kumeneko mosamufunsa. Nthawi ya m'mizere iwiri ija ndi ya UTC, pamene Malawi ali patsogolo ndi maola awiri. Wosokoneza apa amatuluka kukadikira setilaiti dzuwa likadali kumwamba. Kenaka pali kusankha. Kuika masetilaiti onse pa mapu nthawi imodzi kumabisa dziko lonse la Malawi pansi pa madontho. Wodziwa amasankha gulu limene akulifuna: a zanyengo okha, a Starlink amene angotumizidwa kumene, kapena zidutswa zimene zatsala pang'ono kugwa.

Chovuta kwambiri nchakuti manambalawa amasasa ngati mkaka. Pa nthawi ya muyeso amaphonya ndi kilomita imodzi kapena chapompo, ndipo kuphonyako kumakula tsiku ndi tsiku, chifukwa ngakhale pa makilomita 400 kapena 500 pali kampweya kochepa kamene kamakoka setilaiti. Dzuwa likalusa, kampweyako kamafufuma. Mu Febuluwale 2022, kampani ya SpaceX idataya masetilaiti 38 mwa 49 amene idangowatumiza kumene chifukwa cha namondwe wochokera kudzuwa. Mu Meyi 2024 kudabwera namondwe wamkulu kuposa uyo, masetilaiti zikwizikwi nkusintha njira nthawi imodzi, ndipo kwa masiku angapo ngakhale akatswiri adavutika kulosera kuti chili apa mawa chikhala pati.

M'badwo wa makolo sudafune kudziwa zonsezi, ndipo pali chifukwa chake. Masetilaiti a kanema amakhala pa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta, pamene amazungulira mofanana ndi dziko, motero amaoneka ngati aima. Dishi ya DStv ya m'dziko muno imaloza setilaiti ya Eutelsat pa madigiri 36 kummawa, imene kwa munthu wa ku Mzimba ili pafupifupi pamutu, mopendekera kumpoto. Amene adabwera ndi dikoda ya ku Joni amaloza ya Intelsat pa madigiri 68.5, cha kotulukira dzuwa. Mmisiri akapeza chithunzi nkumanga mabawuti, nkhani yatha. Ngakhale siteshoni ya Kanjedza ku Limbe, imene kale idali khomo la matelefoni a dziko lino opita kunja, inkayang'ana masetilaiti oima chomwechi.

Starlink yasintha zinthu. Bungwe la Macra lidapereka chiphaso ku kampaniyi mu Okutobala 2022, ndipo ntchito idayamba mu Julayi 2023, Zambia ndi Zimbabwe asadalandire. Kufika kumapeto a 2025, dziko la South Africa lidali lisadaipatse chiphaso, kotero mwana wa ku Mzimba amene ali ku Johannesburg ankatha kugulira makolo ake kumudzi chinthu chimene iye sangalembetse kumene akukhala. Masetilaiti a Starlink sakhala malo amodzi. Amayenda pa makilomita pafupifupi 500 kapena 550, ndipo kabokosi ka padenga kamadumpha kuchoka pa imodzi kupita pa inzake mwini nyumba osadziwa. Pofika Okutobala 2025 kampaniyi idali itatumiza oposa 10,000 chiyambire 2019. Iliyonse idapangidwa kuti igwire ntchito zaka pafupifupi zisanu kenaka itsitsidwe kuti ipsere mumpweya. Kunena kwina, pafupifupi tsiku lililonse china chake chikutsika.

Kampaniyi imati masetilaiti ake amapsa onse asadafike pansi. Zidutswa za maroketi ndiye sizimva zimenezo. Mu Meyi 2020 zitsulo za roketi ya China ya Long March 5B zidagwera m'midzi ya ku Côte d'Ivoire. Pa 30 Disembala 2024, chitsulo chozungulira ngati mkombero wa tayala, cholemera pafupifupi makilogalamu 500 komanso chotambalala mamita awiri ndi theka, chidagwa m'mudzi wa Mukuku m'dera la Makueni ku Kenya. Palibe adafa. Bungwe la Kenya Space Agency lidafika msanga, lidatenga chitsulocho nkunena kuti chidachokera ku roketi. Koma roketi ya yani? Akatswiri ena, pofufuza m'kaundula uja, adakaikira chidutswa cha roketi ya Ariane imene idanyamuka mu 2008. Eni roketiyo adakana. Mkangano udavuta kuthetsa chifukwa manambala omaliza a chidutswacho adali a masiku angapo m'mbuyo: chinkayenda chamufupi ndi ikweta, kumene makina otsata zinthu zimenezi ndi ochepa.

Mfundo yomalizayi ndi imene Amalawi ayenera kuigwira. Maso amene amadzaza kaundula uja adaikidwa kumene eni ake amaopa adani, osati kumene kuli midzi ya mu Africa.

Ndipo pamenepa pali ndalama. Pangano la maiko la 1972 limati dziko limene latumiza chinthu m'mlengalenga liyenera kulipira chikaononga pansi pano, popanda kufunsa kuti adalakwa ndani. Setilaiti ya Kosmos 954 itamwaza zinyalala za nyukiliya kumpoto kwa Canada mu Januwale 1978, dziko la Soviet Union lidalipira madola a ku Canada 3 miliyoni mu 1981. Koma panganoli ndi la maboma. Mlimi sangasume yekha kudzera m'menemo. Dandaulo liyenera kuperekedwa pasadathe chaka chichitikire ngozi kapena chidziwikire mwini chinthucho. Chitsulo ngati cha ku Mukuku chitagwera pa khola la ng'ombe pa Manyamula, uthenga ungapite kwa mfumu, kupolisi, kwa bwanamkubwa pa Mzimba, mwinanso ku nthambi ya Dodma. Pa onsewo pangafunike munthu mmodzi wotha kulemba nthawi yeniyeni imene chinthucho chagwa, mbali imene chachokera ndi malo ake pa mapu, kenaka nkutsegula kaundula kuti aone chimene chinkadutsa pamwamba pa Mzimba mphindi imeneyo. Popanda munthu wotero, dziko lingadikire kuti eni chitsulo adziulule okha.

Ena anganene kuti popeza manambalawo ndi aulere, palibe chodetsa nkhawa. Chaka cha 2025 chidaonetsa kuti zaulere za mwini zimatha kutsekedwa m'mawa umodzi. Kumapeto a Januwale chaka chimenecho, boma la Donald Trump litaimitsa thandizo la USAID, tsamba la FEWS NET lidazima. Limeneli ndi limene kuyambira 1985 lakhala likuchenjeza za njala pogwiritsa ntchito zithunzi za masetilaiti ndi mitengo ya pamsika, ndipo mabungwe a m'dziko muno amalidalira. Lidabwerera patatha miyezi ingapo, koma miyezi imeneyo idali ya mvula, pamene Malawi adali akadali m'njala ya El Niño. Nayo ntchito yochenjeza za kayendedwe ka masetilaiti sikhazikika. Mu 2018 boma la America lidalamula kuti ichoke m'manja mwa asilikali kupita ku unduna wa zamalonda. Mu 2025 boma lomwelo lidapempha kuti ndalama za ntchito yatsopanoyo zidulidwe. Kuonjezera apo, kaundula amene anthu wamba amaona si wathunthu, pakuti masetilaiti ena aukazitape a America ndi abwenzi ake salembedwamo manambala. Amene amadziwa njira zawo ndi anthu ochita mwa chidwi chabe, oima panja usiku ndi kamera ndi wotchi. Paja akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Komabe kuloza chala kunja kokha kungakhale kudzinamiza, chifukwa phunziro lowawa kwambiri la Malawi pa nkhani ya masetilaiti silidachokere ku manambala a eni. Lidachokera ku amene adaonjezeredwa kuno. M'chaka cha ulimi cha 2015/16 boma lidagula inshulansi ya chilala ku bungwe la African Risk Capacity pa mtengo wa madola pafupifupi 4.7 miliyoni. Inshulansiyo siituma munthu kumunda. Pulogalamu ya Africa RiskView imatenga muyeso wa mvula wochokera ku masetilaiti, imauphatikiza ndi zimene dziko lauza pulogalamuyo za mbewu zake, nkuwerengetsa kuti anthu angati akhudzidwa. Mvula idavuta, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza za ngozi mu Epulo 2016, ndipo anthu 6.5 miliyoni adafunika chakudya. Pulogalamu idati okhudzidwa ndi pafupifupi 20,000 okha, choncho palibe cholipira. Kufufuza kudapeza kuti idauzidwa zoti alimi amadzala chimanga chochedwa kucha, pamene ambiri adali atasamukira ku cha masiku 90, chimene chidakumana ndi ng'amba pa nthawi yoipitsitsa. Nambala imodziyo itakonzedwa, yankho lidasintha, ndipo madola 8.1 miliyoni adafika mu Januwale 2017, miyezi isanu ndi inayi chilengezere ngozi. Setilaiti siidaname. Mlangizi wa zaulimi wa pa Manyamula akadafunsidwa mbewu imene alimi ake amagula, akadayankha osatsegula buku.

Anthu a kumpoto aliso ndi chikumbutso china chimene safuna kuchifotokozeredwa. Ndege imene idagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, nkupha wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, idapezeka tsiku lotsatira. Kumwamba kuli masetilaiti a Cospas-Sarsat amene ntchito yawo ndi kumvera kulira kwa ndege ndi sitima zimene zachita ngozi. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany adapeza kuti kachipangizo kolirako m'ndegeyo kadali ndi batire limene lidatha ntchito mu 2004. Mapu osonyeza njira imene ndegeyo idayenda adajambulidwa ndi akatswiri omwewo, kuchokera m'kachipangizo ka GPS kamene kadali m'ndegemo.

Maiko oyandikana nawo asankha kuyamba ndi setilaiti yawoyawo. Zimbabwe idatumiza ZimSat-1 mu Novembala 2022, kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse kamene akatswiri ake adapanga ku sukulu ya Kyushu Institute of Technology ku Japan, ndipo ZimSat-2 idatsatira mu Novembala 2024 kuchokera ku Russia. Kenya idatumiza Taifa-1 mu Epulo 2023, Botswana nayo BOTSAT-1 mu Malichi 2025. Mwezi wotsatira bungwe la African Space Agency lidatsegulidwa ku Cairo. Chiyeso chakuti naye Malawi akhale ndi kake kumwamba, kokhala ndi mbendera, chidzakula ndithu, ndipo andale amakonda zinthu zodula riboni. Koma kasetilaiti kotere kakangotuluka m'roketi, eni ake amathamangira pa kaundula wa ku Vandenberg yemwe uja kukafuna mizere iwiri yoti alozere mlongoti wawo. Dziko limene lilibe anthu odziwa kutsata za ena silingathe kutsata yake.

Njira yoyambira pansi ndi yotchipa modabwitsa. Pulogalamu ya Gpredict imayenda pa kompyuta yakale. Kawailesi kakang'ono kolowetsa pa kompyuta, pamodzi ndi mlongoti wopinda ndi manja, zimatha kulandira mwachindunji zithunzi za mitambo kuchokera ku masetilaiti a zanyengo a Meteor a dziko la Russia akamadutsa, popanda intaneti pa nthawiyo. Bungwe la Libre Space Foundation la ku Greece limayendetsa SatNOGS, mgwirizano wa masiteshoni ang'onoang'ono mazanamazana a anthu wamba ndi masukulu amene amamvera masetilaiti nkugawana zimene amva. Pa mapu ake, Ulaya ndi America zadzaza madontho. Africa ili mbee. Siteshoni imodzi pa Mzuzu University, ina pa MUST ku Thyolo, zingasandutse Malawi wopereka m'malo mwa wongolandira. Umboni woti achinyamata a kuno angathe ulipo: sukulu ya African Drone and Data Academy, imene idatsegulidwa ku Lilongwe mu Januwale 2020, yaphunzitsa ambiri kuulutsa timadege topanda woyendetsa ndi kuwerenga mapu ake.

Manyamula ali ndi chuma chimene Blantyre ndi Lilongwe adataya: mdima. Dera lokwera ngati ili, kutali ndi magetsi a m'tauni, limaonetsa m'miyezi yozizira zinthu zimene wa ku Ndirande sangazione, lupsa lisadadzaze utsi m'mwamba. Mphunzitsi wa Physics pa sekondale ya Mzimba kapena ya Robert Laws ku Embangweni angathe kuuza ophunzira m'mawa kuti ISS itulukira mbali yakuti pa mphindi yakuti, madzulo nkuima nawo pabwalo la mpira ndi wotchi. Akabwereza ndi manambala a milungu itatu yapitayo, ana amadzionera okha kusiyana kwake. M'phunziro limodzilo muli madigiri, liwiro, nthawi za maiko ndi chizolowezi chofunsa tsiku limene nambala idalembedwa, chizolowezi chomwe chidasowa mu 2016.

Munthu wa pa Manyamula ali ndi ufulu wofunsa kuti zakumwamba zimuthandiza chiyani pamene msewu wa Jenda, Embangweni, Edingeni, Manyamula mpaka pa Mzimba wakhala ukuliridwa zaka ndi zaka, ndipo yunivesite ya M'mbelwa, imene mwala wake udaikidwa mu 2015, yakhala nkhani ya pa misonkhano ya kampeni. Funsolo ndi lolungama, ndipo mlongoti suthira phula. Kusiyana kwake nkwakuti msewu umafuna mabiliyoni, pamene izi zimafuna kompyuta imodzi, mphunzitsi mmodzi ndi ofesi imodzi ya boma imene yauzidwa momveka kuti chinthu chikagwa kuchokera kumwamba, foni ikalire pa tebulo lake. Macra imatolera ndalama za ziphaso ku makampani a mauthenga, ndipo ili ndi thumba la Universal Service Fund lothandizira madera otsalira.

Amene angayambe lero ayenera kudziwanso kuti pansi pakusuntha. Mizere iwiri yakale ija idasiya malo a madijiti asanu okha a nambala ya m'kaundula, ndipo CelesTrak idachenjeza kuti manambala oterewa athera pa 69,999 cha m'katikati mwa 2026, pakuti otsalawo adasungidwira ntchito zina. Kalembedwe katsopano kopanda malire amenewa kadayamba kuperekedwa mu 2020, koma mapulogalamu ambiri akale sakadziwa. Foni yokhala ndi pulogalamu yosakonzedwa siidzalira kapena kuchenjeza mwini wake. Idzapitiriza kujambula masetilaiti akale bwinobwino, pamene mndandanda wa timiyuni tatsopano ukudutsa pamwamba pa msika wa Manyamula, pagalasi popanda kadontho ngakhale kamodzi.